Kavalo Wopanda Wokwerapo

Anzanga, ndifuna kukuuzani za cikondwerero ca mu mzinda wa Siena, m'dziko la Italy, ndi m'mene cinandicotsera nsanje mumtima. Mbiri yace ndinaimva kwa bambo mfumu wokalamba wa ku Italy, amene akhala pa mishoni ya kwathu.

Caka catha ndinali mtsogoleri wa timu ya mpira ya nyumba yathu yogona. Atatsala masiku atatu kuti tisewere mpira wotsiriza, ndinabinya bondo. Anzanga anasewera popanda ine, napambana. Onse anabvina, koma ine ndinangoti duu, pakuti mumtima ndinafuna kuti agonje, anthu adziwe kuti popanda ine palibe kanthu. Pa holide ndinaulula zimenezi kwa bambo mfumu. Iwo sanandikalipire ai, koma anaturutsa cithunzi ca akavalo othamanga, nayamba kundifotokozera.

Mzinda wa Siena unagawidwa m'madera 17, ndipo dera liri lonse liri ndi mbendera yace, chalichi cace ndi dzina lace. Ambiri mwa mainawo ndi a nyama: Tsekwe, Kamba, Nkhono, Nungu, Kadzidzi, Mmbulu. Munthu akhala wa dera limene anabadwiramo kufikira imfa yace.

Kawiri pa caka, pa 2 Julayi ndi pa 16 Ogasiti, maderawo apikisana pa liwiro la akavalo, dzina lace Palio. Nyengo imeneyi ife timaotha moto, koma kumeneko dzuwa liri kuswa mtengo. Anthu athira dothi pamiyala ya bwalo lalikuru la Piazza del Campo. Madera 10 okha ndiwo alowa mumpikisano, ndipo akavalo awagawa mwa maere. Dera likalandira kavalo wace limlonda usana ndi usiku. Madzulo a tsiku loti mawa ndi liwiro, anthu aika matebulo mumseu nadyera pamodzi, olemera ndi osauka omwe. Tsiku lenileni alowa naye kavaloyo m'chalichi kuti wansembe amdalitse!

Liwirolo silikhalitsa. Akavalo azungulira bwalo katatu, ndipo pamphindi imodzi ndi theka zonse zatha. Mphotho yace si ndalama, koma nsaru yojambulidwa cithunzi ca Maria Woyera. Komabe amuna akuluakulu amalira misozi cifukwa ca nsaru imeneyi. Dera limene lakhalitsa koposa onse osapambana alinyoza kuti ndi "agogo". A dera la Mmbulu anapambana mu 1989, nadikira zaka 27, kenaka mu 2016 anatenga nsaru zonse ziwiri.

Tsono imvani cimene cinandilasa mtima. Okwera akavalo kawirikawiri ndi alendo olembedwa ganyu, ndipo akwera opanda cishalo, kotero ambiri amagwa pokhota. Koma lamulo liti kavalo akafika woyamba, ngakhale pamsana pace palibe munthu, dera lace lapambana ndithu. Apa bambo mfumu anandifunsa kuti, "Mwana wanga, nanga wokwera uja wagwa m'pfumbi, akaona kavalo wace wapambana, alire kapena akondwere?"

Ndinasowa coyankha, ndipo ndinagwidwa manyazi. Ndinazindikira kuti ulemu umene ndinaulirira sunali wanga. Unali wa nyumba yathu yonse, pamodzi ndi tiana ta Fomu 1 timene tinasasa mau ndi kucemerera.

Titatsegulira sukulu ndinapita kwa mnzanga amene anasewera m'malo mwanga, ndi kumgwira canza. Bondo langa silinapole bwino, cotero caka cino nchito yanga ndi kutungira osewera madzi. Mukandiona Loweruka ndiri kuthamanga motsimphina ndi ndowa, musandimvere cisoni. Nyumba yathu ikapambana, mudzaona amene ayambe kubvina.