Mau ochokera pansi pa galimoto

Ku Lungwena, m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Mangochi kudzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira, kuli mkulu wina amene wadyetsa banja lake zaka zambiri ndi pikapu yonyamula usipa. Madzulo ena, pamene m'mawa mwake anayenera kukwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera, anaponda buleki, chopondera n'kumira ngati phazi pa matope. Anadziwa kuti m'mapaipi mwalowa mphepo. Kukwera Chowe si nkhani. Nkhani ndi kutsika, anthu a matola atakhala pamwamba pa katundu.

Buleki imagwira chifukwa mafuta ake sapanikizika: mphamvu ya phazi imayenda nawo m'paipi mpaka ku gudumu. Mphepo imapanikizika, ndipo ikalowamo imameza mphamvu ija panjira. Kuichotsa, kumene amakaniko amati kubulida, kumafuna anthu awiri, wina pampando, wina pansi ndi sipanala. Akale ananena kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mdzukulu wake, mnyamata wophunzira umakaniko pa boma, ndiye anagona m'fumbi. Anatchinga magudumu ndi miyala, nadzaza kathanki ndi mafuta a DOT 4 monga palembedwera pa chivindikiro, nalumikiza kapaipi koonekera mkati kuchokera pa kabawuti ka gudumu kulowa m'botolo. Anayambira kumbuyo kumanzere, pakuti galimoto yoyendetsera kumanja gudumu limenelo ndilo latalikira kathanki.

Apa ndi pamene ntchito inakumana ndi mwambo. Kunyanja kuno mwana salamula wamkulu. Amagwada, n'kuyankhula motsitsa. Koma wa pampando saona zapansi, ndipo wapansi saona phazi. Cholumikiza awiriwa ndi mau okha.

"Anganga, pondani katatu. Mugwire pomwepo, musasiye."

Mnyamata anamasula kabawuti, mafuta akuda anatuluka ndi thovu, chopondera chinatsika mpaka pansi. Mkulu uja, poganiza kuti zaka zake pachiwongolero zamuuza kuti zatheka, ananyamula phazi kabawuti kasanamangidwe. Mphepo inabwerera mmene inachokera.

Pansi panali zii. Kenaka mau anatuluka, onjenjemera pang'ono.

"Pepani anganga, mwasiya msanga. Tiyambirenso."

Mkuluyo magazi anawira. Mwana amene anamunyamula pamwendo tsiku lometa tsitsi loyamba, lero akumudzudzula akazi ali pakhonde kumvetsera! Anagwira chitseko kuti atsike. Koma anakumbukira makhotolo a ku Chowe ndi amayi amene amakhala kumbuyo ana ali kumsana. Wakutsina khutu ndi mnansi. Anabweza phazi pa chopondera.

"Nena, mwanawe. Ndikumva."

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda ngati opalasa bwato. Pondani, gwirani, ndamanga, siyani. Atatha gudumu lililonse mnyamata ankadzuka kukawonjezera mafuta, chifukwa kathanki kakauma mphepo imalowera kumwamba ndipo thukuta lonse lapita pachabe. Anapukuta dontho lililonse logwera pa penti, pakuti mafutawa amasupula utoto. Botolo lotsala analitseka mwamphamvu, poti mafuta a buleki amayamwa chinyezi, ndipo okhala ndi madzi amawira msanga pa mtsetse wautali. Kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, potsiriza kutsogolo kumanja. Dzuwa likumira m'nyanja, mafuta anayamba kutuluka oyera, opanda thovu, ndipo chopondera chinauma ngati mwala. Anayesa galimoto pang'onopang'ono pabwalo, inaima nji.

Adzukulu amamva kawirikawiri kuti mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo nzoona. Koma makolo omwewo anatinso nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo mwambi umenewu sunaikidwe malire a zaka. Ulemu wa mnyamata uja sunathe chifukwa ananena zoona; anazinena atayamba ndi "pepani". Ukulu wa gogo uja sunachepe chifukwa anamvera. Pali nthawi imene woona bwino ndi amene wagona m'fumbi.

Mawa lake pikapu inakwera Chowe ndi usipa, nitsika madzulo ndi matumba a chimanga ndi anthu pamwamba pake. Atafika pakhomo mkuluyo sanayamike ndi pakamwa. Pa chakudya cha usiku anatenga mutu wa chambo, umene unali wake masiku onse, nauika m'mbale ya mdzukulu.