Galimoto Yotsamwa Ponyamuka

Matenda a galimoto amasiyana ngati a anthu. Ilipo galimoto yokana kulira m'mawa, ilipo yowiritsa madzi pachitunda, ndiye ilipo ina yochititsa manyazi: ikaima imalira bwinobwino, ikatenga liwiro imathamanga, koma imafooka pa kamphindi kamodzi kokha, pamene woyendetsa waponda moto kuti anyamuke. Land Rover ya amalume anga inagwidwa ndi nthenda imeneyi m'dzinja lapitali.

Galimotoyi ndi Series III, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ya injini ya petulo ya malita 2.25 ndi mapisitoni anayi. Pa zaka ndi yaikulu kwa ine, ndipo ndiyo imatidyetsa, pakuti imatuta matemba ndi mpunga kuchokera ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kudza nazo kumsika wa Zomba. Kutsamwa kwakeko sikunali kosekera. Taganizani mwadzaza matumba, mwafika pamphambano yolowera mumsewu wa ku Blantyre, mwaona mpata, mwaponda moto, galimoto n'kulowetsa mphuno yokha mumsewu, kenaka gwa! Lole ikubwera.

Pagalaja ina m'tauni anangomvera mawu a amalume, boneti osatsegula, nati injini yatha, iyenera kuphwasulidwa. Mtengo umene anatchula unali wofuna kugulitsa ng'ombe. Amalume anabwera kunyumba ali ndwii. Patapita masiku anandituma kukaitana mkulu wina wa ku Chinamwali amene amakonzera galimoto pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinakhala wompatsira masipanala.

Mkuluyu anayamba ndi mafunso, chitsulo asanachikhudze. "Kodi achimwene, imafuka utsi wotuwa? Imadya oyilo? Nanga pachitunda imakwera?" Amalume anati siifuka, oyilo saidya, ndipo ikangoyenda imakwera ngati kale. "Ndiye injini yatha poti?" anatero mkuluyo, ali kupinda malaya.

Anayesa kilachi poyamba. Anamanga buleki ya pamanja, nalowetsa giya yomaliza, nachotsa phazi pang'onopang'ono. Injini inazima nthawi yomweyo, kusonyeza kuti kilachi ikugwira. Ikanakhala yoperepeseka, injini ikanangolira galimoto ili chiimire. Kenaka tinaikankha pamalo osalala kuti tione ngati mabuleki akumata, koma inagudubuzika mosavuta. Mapulagi anali ofiirira bwino, opanda mwaye. Sefa ya mpweya, imene pa galimoto zimenezi ndi chitini chokhala ndi oyilo pansi wogwira fumbi, inali itasanduka phala la dothi la msewu wa ku Kachulu. Tinaitsuka n'kuthiramo oyilo watsopano, koma kutsamwa kunali pomwepo.

Apa m'pamene ndinaona luso. Mkuluyo anakoka choko pang'ono, nauza amalume kuti anyamuke, ndipo galimoto inanyamuka mosadodoma kwenikweni. Choko imachepetsa mpweya wolowa mu injini. Tsono ngati kuchepetsa mpweya kukuchiza, ndiye kuti chikusowa pa kamphindi kaja ndi petulo. Anazimitsa injini, nachotsa paipi ya pamwamba pa kabuleta, nandiitana.

"Iwe wa ku koleji, suzumira m'menemu. Ndikakoka chitsulo ichi, undiuze chimene uone."

"Palibe chimene ndikuona, abambo."

"Eya. Nthenda yake ndi imeneyo."

Chimene ndinayenera kuona ndi kamtsinje ka petulo, kowonda ngati ulusi, kakuthovokera kukhosi kwa kabuleta. Injini ya petulo imafuna magawo a mpweya pafupifupi 15 pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Munthu akaponda moto mwadzidzidzi, chitseko cha kabuleta chimatseguka, mpweya pokhala wopepuka umalowa nthawi yomweyo, koma petulo pokhala wolemera amatsalira m'mbuyo. Pa kanthawi kameneko injini imameza mpweya wambiri wopanda chakudya. N'chifukwa chake m'kabuleta muli kapampu kamene kamalavula petulo wapadera phazi likangotsika, kufikira petulo wa njira yaikulu atafika. Galimoto ikatenga liwiro njira yaikuluyo imakwanira, n'chifukwa chake amalume sankamva vuto pamsewu wautali. Galimoto za masiku ano zilibe kabuleta. Kompyuta ndiyo imayeza mpweya n'kugawa mafuta, komabe nazonso zimadodoma chimodzimodzi kachipangizo koyeza mpweyako kakada.

Kabowo kolavulira petulo kanali katatsekeka ndi dzimbiri ndi timchenga. Kumene zinachokera sikunali kovuta kudziwa: pansi pa pampu ya mafuta pali kambale kagalasi kosungira zinyalala, ndipo kanali ndi matope ofiira ndi madontho a madzi. Amalume akakhala kunyanja mafuta atawathera amagula petulo wa m'zigubu, ndipo zigubu zina zimakhala zoti dzulo zinali kudambo.

Amalume anasolola kawaya kuti azibule kabowoko, mkuluyo nawagwira dzanja. Waya amakulitsa kabowo, ndipo kakakula sikabwerera. Galimoto imayamba kumwa petulo ngati chidakwa. Anakaviika m'petulo woyera, nakapopa ndi pampu ya njinga kufikira kuwala kutaonekera mbali inayo. Kunena zoona, zimandiwawabe kuti munthu wolingalira mwadongosolo chotere, kuchotsa chifukwa chimodzichimodzi monga amatiphunzitsira m'chipinda cha sayansi, alibe pepala lililonse, pamene wa pagalaja ija ali ndi chikwangwani chopakidwa utoto.

Atabwezeretsa zonse anakokanso chitsulo chija, ndipo kamtsinje kanatuluka, psii. Amalume anakweza matumba asanu a mpunga kuti aiyese ili ndi katundu, naima, naponda moto, galimoto n'kunyamuka nthawi yomweyo. Mkuluyo analandira ndalama ya ntchito ya tsiku limodzi ndi mbale ya matemba, nalamula kuti petulo wa m'chigubu azisefedwa ndi nsalu yoyera asanalowe m'thanki, ndi kuti kambale kagalasi kazitsukidwa mwezi ndi mwezi. Ntchito ya kambaleyo anaipereka kwa ine, pa tchuthi chilichonse.