Tinalipila kuti tigone panja

Pamene tinauza a kunyumba kuti pa holide ya Heroes na Unity tidzakagona mu tenti ku Mfuwe, amai a mnzathu wina anasiya kusefa ufa n'kufunsa kuti, "Wamwalila ndani?" Sanali kuseka. Kuno ku Chipata tenti imaimikidwa pa malilo, kapena pa kitchen party ngati banja lili na ndalama. Koma munthu wamoyo, amene ali na bedi na nyumba ya malata, kutenga ndalama zake kukapatsa wina kuti amulole kugona pansi m'thengo, kwa iwo inali nkhani yofunika mapemphelo.

Tinali asanu na mmodzi, tonse odzipeleka pa wailesi ya m'dela lathu. Nchito yathu ni kuwelenga zilengezo, kuyankha mafoni, na kuika nyimbo ngati mwini pulogilamu wacedwa. Takambapo kambili pa maikolofoni, na mau onyada, kuti cigawo cathu cili na South Luangwa, paki imene alendo amaolokela nyanja kudzaiona. Tsiku lina titazima maikolofoni tinafunsana kuti ndani wa ife anafikako. Kunali zii. Mmodzi anati anaonapo njovu, koma titamupanikiza anavomela kuti inali ija ya pa 50 ngwee. Kucoka pa Chipata kufika ku Mfuwe ni makilomita pafupifupi 130, msewu wa tala. Ku Lusaka, kumene kuli kutali kuwilikiza kanayi, tonse tinafikako kale, ena kukagula cabe nsapato.

Tinasonkha ngati cilimba kwa miyezi inayi. Matenti awili tinabweleka kwa anyamata a Pathfinder a ku chalichi ca mnzathu, amene anatiphunzitsa kukhoma zikhomo uku akutiseka. Mbaula, makala, ufa, kapenta na repu tinanyamula kucoka kunyumba, cifukwa tinamva kuti malo ambili kumeneko mitengo yao amalemba m'madola.

Minibasi inatsika nafe mapili, kudutsa kwa Jumbe, mphepo ya July n'kuyamba kufunda pang'onopang'ono. Inatisiya pa Cropping, malo a masitolo pafupi na geti ya paki. Dzina limeneli linatsala kucokela zaka za m'ma 1960, pamene pamalopo anali kuphelapo njovu na mvuu zimene anati zaculuka. Lelo anthu amagulapo tomato na mayunitsi.

Kampu yathu inali kunja kwa paki, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Panali bwalo la matenti pansi pa mitengo, komanso tunyumba tocepa twa alendo. Alongo athu awili anatenga kanyumba. Mmodzi anakamba poyela kuti amai ake sanamubeleke kuti akadyedwe na fisi. Titalowa kukaona kanyumbako tinayang'anana: denga la udzu, kakhonde, mpando wacikopa, mtsuko pakona. Inali nyumba ya ambuya kumudzi, ija tinali kukana kugonamo pa holide tili ana, n'kumalila kuti tifuna kubwelela ku tauni kuli malaiti. Kusiyana kwake kunali neti yoyela, bafa, na mtengo. Usiku umodzi unalingana na lendi ya mwezi ya kacipinda ka mnzathu ku Kapata.

Tisanamalize n'kukhoma komwe, nyani anali atathawa kale na buledi wathu.

Cakumadzulo kunabwela mlonda, bambo wacikulile wovala jombo na cikhoti, toci ili m'manja. Anatipatsa malamulo mosakweza mau. Musasunge zipatso mu tenti. Mukafuna kupita kucimbudzi usiku, muwalitse toci ine nibwele. Mukaona mvuu ikudya udzu, musaime pakati pa iyo na madzi. Tinavomela "inde atate" monga ana a sukulu, koma maso anali pa mafoni. Netiweki inalipo, ndipo kunena zoona ola loyamba la mdima tinalithela pa WhatsApp, kuonetsa anthu kuti tapumula ku mafoni.

Mvuu zinayamba kulila tikudya nsima. Mau ake ali ngati nkhalamba zonenepa zikuseka nkhani ya pa mowa, ina kuno, ina kuyankha kutsidya. Tinaseka nazo. Pakati pa usiku kuseka kunatha. Tinamva nthambi ikuthyoka, pafupi kwambili, kenako ina. Mapazi sanamveke konse. Cimene cinamveka ni kugunda kwa pansipansi, monga thilaki ili kutali, ndipo mwezi umene unali kuwala pa nsalu ya tenti unatsekeka. Nsalu ija, imene masana tinali kuitama kuti ni yolimba, tinazindikila kuti ni yopyapyala ngati citenge. Mnzathu amene amacita nkonono tinamutsina kuti auke, ndipo atauka tinamutseka pakamwa. Wina anali kupemphela camumtima, milomo cabe ikuyenda. Sitidziwa ngati panapita mphindi khumi kapena ola.

"Zapita, ana anga," anatelo mlonda panja. "Zinali zinayi na kamwana."

Tulo tunathawa. Tinatuluka anayi tonse kukakhala pa moto wake, tikulankhula nthawi imodzi, aliyense kufotokoza mmene anacitila mantha, cimwemwe cili tho. Anatimvetsela mpaka tinatopa. Ndiye anafunsa kuti tenti talipila zingati. Titamuuza anagwedeza mutu n'kuseka pang'ono.

Anati kwao ni konkuno ku Malambo, mudzi wa Akunda, m'dela la Lupande limene lacita malile na paki. Kuyambila February mpaka cimanga cikauma, masiku amene sali pa nchito sagona m'nyumba. Amagona pa nsanja kumunda, mvula ikugwa, udzudzu ukuluma, ali na toci, cigubu comenya, na moto umene amaikapo ndowe za njovu zosakaniza na mpilipili kuti utsi uziyabwa. Akakhala pa nchito, amagonako ni akazi ake na mwana wao wamkulu. Caka cina anadwala malungo masiku atatu. Usiku waciwili njovu zinalowa, ndipo kutaca munda unali ngati bwalo la mpila. Palibe anamulipila. Cilimwe zimabwela kumudzi kudzaphwanya nkhokwe, n'cifukwa cake ena amanga za simenti. Ana amacedwa kusukulu cifukwa zaima panjila.

Mmodzi wa ife, wa pakamwa pofulumila, anafunsa kuti, "Nanga atate, simuzizonda?"

Anasonkhezela moto. "Nizizonde bwanji? Kukanakhala kulibe izi, inu mukanabwela? Malipilo anga acokela kwa izo. Kuno zimanidyetsa, kumunda zimanidyela."

Tinali na foni yojambulila mau, ndipo tinapempha kuti abwelezenso. Anavomela, malinga tisachule dzina lake.

Pa wailesi timakonda kusimba mbili ya paki iyi mwacidule: kuti mu 1950 Norman Carr anagwilizana na Mfumu Nsefu kupatula malo a nyama na kumanga kampu ya alendo, kuti ndalama zake zizipita kwa anthu a mfumu, ndipo mu 1972 malowa anakhala mbali ya paki ya dziko ya masikweya kilomita 9,050. Timaiwelenga monga nkhani imene inatha bwino. Usiku uja tinaona kuti funso la mu 1950, lakuti amene amakhala na nyama apindula ciani, likali kugona pa nsanja.

M'mawa 06:00 tinaoloka mlatho wa Luangwa pa motoka yopanda denga. Pa geti nzika za Zambia zimalipila zocepa kwambili poyelekeza na alendo akunja, malinga mwanyamula NRC. Ambili a ife sitidziwa zimenezi. Wina wa pa motoka ina anatifunsa kuti tikupelekeza gulu liti la alendo, ndipo mlongo wathu anayankha kuti alendo ake ndife. Tinaona nyamalikiti za Thornicroft zimene kulibe kwina pa dziko lonse koma m'cigwa cino, mbidzi, njati, ng'ona zitayasama pa mcenga, na nyalugwe atagona pa nthambi, mcila uli lende. Sitidzanama, zinali zokoma kuposa zonse tinakambapo pa maikolofoni. Titakumana na njovu zinayi na kamwana tinajambula monga ena onse. Koma tinapezeka tikuyang'ananso kukula kwa mapazi, n'kumaganiza za mizele ya cimanga.

Titabwelela tinaulutsa pulogilamu ya mphindi 30. Tinayamba na kulila kwa mvuu, tinafotokoza za mitengo na za NRC, kenako tinaika mau a mlonda osadulako. Woyamba kuimba foni anali mnyamata wa ku Mchini, kufunsa ngati tenti ingabwelekedwe komweko. Waciwili anali mai wa ku Mambwe. Anati wamva kuti timakonda kugona panja, ndipo pa nsanja yake pamakwana anthu atatu, tibwele mu March, sadzatilipilitsa.

Tinavomela anthu onse akumva. Cilimba ca March tayamba kale. Mpaka pano asonkha ni awili, ndipo wa nkonono uja akuti mwezi umenewo ali na ukwati wa msuweni wake.