Mlendo Akachoka, Chimatsala N'chiyani?

Aphunzitsi anzanga, ngati sukulu yanu ili kufupi ndi nyumba yosungirako ana amasiye, mukudziwa kale zimene zimachitika miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika. Kumabwera minibasi yodzaza ndi achinyamata ochokera ku Britain, ku America, ku Germany kapena ku Australia. Amakhala atasonkha ndalama kwawo, ena kutchalitchi, ena kusukulu, ndipo amadzipereka kugwira ntchito yopanda malipiro kwa milungu iwiri kapena itatu. Popeza pamudzipo woyankhula Chingerezi momasuka ndinu, amfumu amatuma mwana kudzakuitanani kuti mukamasulire. Komatu udindo wanuwo suthera pa kumasulira. Zimene mungawauze alendowo, ndi zimene mungasiye osanena, zingathe kusintha kumene thandizo lawo likagwere.

Inetu sindidana ndi alendo. Paja akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ambiri a msinkhu wanga tidaphunzitsidwapo masamu kapena sayansi ndi anthu odzipereka a bungwe la VSO, limene lidayamba mu 1958, kapena a Peace Corps, amene adafika ku Malawi mu 1963. Koma iwowa ankabwera ndi luso lodziwika, ankakhala zaka ziwiri, ankaphunzira chiyankhulo chathu, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi aphunzitsi a konkuno. Kubwera kwa milungu iwiri kudzanyamula makanda ndi kujambula zithunzi ndi nkhani ina.

Tiyambe ndi mawu oti "wamasiye". M'mabuku a boma ndi a mabungwe, mwana amene wataya kholo limodzi lokha amawerengedwanso kuti ndi wamasiye. Mlendo akamva mawuwa amaganiza za mwana amene alibiretu aliyense padziko. Chonsecho mu 2009 bungwe la Save the Children lidalemba kuti mwa ana asanu alionse okhala m'nyumba zotere padziko lapansi, anayi ali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Ena ali ndi agogo, azakhali kapena amalume. Ngakhale m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, pamene Edzi inkatilanda anthu usana ndi usiku, ana amasiye ochuluka zedi m'mayiko athu ano adaleredwa ndi abale awo. Chimene chimachotsa mwana pakhomo kawirikawiri ndi umphawi, ulumali, matenda a kholo kapena kusowa fizi.

Mwina mukuti, "Nanga vuto lili pati, poti kumeneko mwana akudya katatu, akugona pa matilesi?" Funsoli ndi labwino, ndipo akatswiri adalifufuza. Mu 2000, mumzinda wa Bucharest ku Romania, adayamba kutsatira ana 136 a m'nyumba zosungiramo ana. Theka la anawo adawapereka ku mabanja oti awalere, enawo adatsala momwemo. Ana amene adapita kumabanja adakula bwino m'nzeru, m'mayankhulidwe ndi m'kakhalidwe ndi anthu, makamaka amene adachoka asanakwanitse zaka ziwiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana wamng'ono amafuna munthu wamkulu mmodzi wokhazikika, amene amadziwa kulira kwake kwa njala ndi kulira kwake kwa mantha, amene alipo lero ndipo mawa adzakhalaponso.

Tsono taganizirani mwana amene adataya mayi ake, ndipo mwezi uliwonse akulandira "anti" watsopano. Amukumbatira, amuyimbira nyimbo, amugoneka pamiyendo, kenaka akwera ndege. Kwa mlendoyo ndi ulendo wosaiwalika. Kwa mwanayo kuli ngati maliro obwerezabwereza. Ndidachezapo panyumba ina yotere pamene ana aang'ono adandithamangira n'kundikolekera m'khosi, chonsecho anali asanandionepo. Alendo amati chimenechi ndi chikondi. Inu ndinu makolo, tandiuzeni: mwana wanu wa zaka zitatu akaona munthu wachilendo, sabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake? Kukangamira aliyense wodutsa ndi chizindikiro choti mwana alibe munthu wakewake.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ambiri safuna kuitchula. Kumene alendo amalipira kuti adzaone ana amasiye, mabedi opanda ana ndi kuluza. M'mayiko a Nepal ndi Cambodia zidapezeka kuti anthu ena ankapita kumidzi kukanyengerera makolo osauka kuti apereke ana awo, powalonjeza sukulu yabwino. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Australia lidavomereza kuti mchitidwe umenewu ndi mtundu wa ukapolo wamakono, ndipo mu 2019 boma la Britain lidachenjeza nzika zake za kuipa kodzipereka m'nyumba za ana amasiye. Mfundo zimene bungwe la United Nations lidagwirizana mu 2009 zimanena kuti umphawi paokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake. Dziko la Rwanda lidayamba mu 2012 kubwezera ana kumabanja ndi kutseka nyumba zotere pang'onopang'ono. Sindikuti onse osunga ana ndi akamberembere, ayi. Ambiri ndi anthu achifundo ogwira ntchito yolemetsa, ndipo alipo ana ozunzidwa kapena otayidwa amene amafunikadi pobisala. Koma pakhale pongodutsira, uku akufunafuna banja loti limulere.

Ntchito yanga ya sukulu za kwacha ndiyo idandiphunzitsa kumene thandizo lokhalitsa limachokera. Paulo Freire wa ku Brazil ankatsutsa maphunziro oona wophunzira ngati chotengera chopanda kanthu choti aphunzitsi azingothiramo. Thandizo nalonso lili chimodzimodzi. M'njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidayamba kuyesa mu 1993, ophunzira amajambula mapu a mudzi wawo pansi asanagwire n'komwe pensulo. M'magulu amene ndaphunzitsamo, amayi ankaika nyemba pa nyumba iliyonse imene ikulera mwana wa malemu. Ndikafunsa chimene chingapangitse banja kupereka mwana kwa anthu osawadziwa, mayankho ankakhala omwewo: ufa ukatha mu Januwale ndi Febuluwale, yunifolomu, fizi ya kusekondale, denga lodontha. Sindidamvepo agogo akuti, "Mwanayu sitikumufuna." Mawu amene tinkaphunzira kulemba tsiku limenelo ankachokera pa mapu omwewo, ndipo zochita nazonso zinkachokera pomwepo: dimba la gulu, banki mkhonde, kuphika phala mosinthana ku mkombaphala.

Maboma athu nawo adaiona njira imeneyi. South Africa idayamba kupereka ndalama zothandizira kulera ana mu 1998. Zambia idayesa kupereka ndalama kumabanja ovutikitsitsa ku Kalomo mu 2003, ndipo Malawi idayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mwambo wa Zunde raMambo, munda wa mfumu umene anthu amalima pamodzi kuti amasiye ndi okalamba asagone ndi njala. Zonsezi zimasiya mwana pakhomo, pamene pali dzina lake, munda wa makolo ake ndi manda a abale ake. Mwana wokulira kunyumba yosungirako ana akafika zaka 18 amatuluka, ndipo kumudzi amakapeza malo ake atalimidwa ndi ena.

Ndiye alendo akalemba kalata kuti akubwera, musangoyankha kuti "takulandirani". Khalani pansi ndi komiti ya sukulu, amfumu ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo funsani mwaulemu. Ntchitoyi adaipempha ndani? Alendowo ali ndi luso lanji limene kuno kulibe? Kwawoko angaloledwe kulowa m'chipinda cha ana popanda kalata ya kupolisi? Akamapenta okha makalasi, mmisiri wa pamudzi adya chiyani? Akakumba mjigo, ndani adzaukonze, nanga zipangizo zake zimapezeka pafupi? Zithunzi za ana athu zikupita kuti, ndipo wavomereza ndani? Mlendo wa mtima wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ambiri amathokoza, chifukwa palibe adawauzapo.

Kenaka apatseni ntchito yoyenera. Namwino aphunzitse alezi a ku mkombaphala. Wodziwa kuwerengera ndalama akhale ndi mlembi wa banki mkhonde. Mphunzitsi akonze phunziro pamodzi ndi inu, koma choko chikhale m'manja mwanu. Amene alibe luso lapadera abwere ngati mlendo wodzaphunzira, agule katundu pamsika wathu, ndipo ndalama zimene wasonkha zilipire fizi ya mtsikana amene akukhala ndi agogo ake.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi anawo ndinu, agogo awo ndi mudzi. Musanatembenuze tsamba lino, tengani kaundula wa kalasi lanu, muone ana amene akuleredwa ndi abale, ndipo mulembe chinthu chimodzi chimene banja lililonse likusowa kuti mwanayo akhalebe pakhomo. Minibasi ija ikadzafika, mudzakhale ndi pepalalo m'thumba.