Chala cha Munthu Wamantha

Kwathu kwa Dzoole gogodera inali mfuti yopirikitsira anyani ndi afisi, koma chiyambire kubedwa kwa ng'ombe amalume amagona nayo kumutu. Tsono akufuna kuti mmisiri wa pachipala awapalire chokhethemulira ndi tupa, ati n'cholimba, chimawaphonyetsa.

Pamenepo sakunama, pakuti chala chikamakoka mwamphamvu mfuti imapendekeka. Komatu mukapala kwambiri kachitsulo kogwira kanyundo, mfuti ija imatha kulira yokha ikangogwa pansi. Ngakhale ku New York, kwa zaka zambiri apolisi ankalimbitsa dala chokhethemulira cha Glock, kuchoka pa makilogalamu 2.5 mpaka kupitirira 5, poopa chala cha munthu wamantha. Adayamba kufewetsa m'chaka cha 2021, koma iwowo amachita kuphunzira kuwombera. Amalume wonga ngwosowa, chaka chimatha osayesako.

Ine ndikuti kulimbako ndiwo mpata wofunsira kuti, "Ndani?" Woyenda kukhola usiku si mbala yokha ayi. Msuweni wanga amadzukanso kukazonda ng'ombe ya bere, ndipo akulu adati pepani sapoletsa chilonda.