Nzelu za mu Komboni Zinathela pa Kazungula

Ndinakulila ku Chawama, kumene mwana amaphunzila msanga kuti moyo wake uli m'manja mwake. Pofika giledi 7 ndinali nditadziwa kale kuti ndalama siziikidwa m'thumba la kumbuyo, kuti munthu wosamudziwa akakuitana pa City Market sutembenuka, ndiponso kuti zinthu zikathina, miyendo ndiye loya wako. Nzelu zimenezi zinandisunga zaka zoposa 30. Zinandipelekeza ku UNZA ndi kundibweza ndili ndi digili, foni yanga isanabedwepo ngakhale kamodzi. Conco pokonzekela ulendo wokaona nyama ku Botswana mu August 2023, za citetezo sizinandidetse nkhawa. Mumtima ndinati, munthu amene amatuluka wamoyo pa Intercity nthawi ya Khisimasi, n'ciani cingamuopse kuthengo?

Ndimaphunzitsa jogilafe pa sekondale ina muno mu Lusaka. Caka ndi caka ndimaima pa bolodi kufotokoza za mapaki a nyama ndi za alendo obweletsa ndalama zakunja, koma njati yokha imene ndinali nditaionapo inali ya pa K100. Tsiku lina mtsikana wa giledi 11 anakweza dzanja. "Ba Ticha, imwe munaionapo njovu na maso?" Ndinamuuza kuti funso lake silibwela pa mayeso. Kilasi inaseka, koma funsolo linandikhala pamtima ngati munga wa nsomba. Cilimba ca aphunzitsi citafika pa ine, ndinaiwala za firiji imene ndinali kufuna. Ndikanatha kupita ku South Luangwa kapena ku Kafue, koma ndinene zoona: pasipoti yanga inali itagona m'sutukesi zaka zinai yopanda cidindo, ndipo ndinafuna kuti nanenso ndizinena kuti ndinatulukapo kunja.

Amai sindinawauze zoona. Ndinadziwa yankho lao: "Iwe, ndalama zonsezo kukaona cabe nyama? Nanga malata akudontha awa?" Ndiye ndinati ndikupita ku wekishopu ya aphunzitsi ku Livingstone. Anandipemphelela, nandipatsa nshawa zokazinga za panjila.

Kucoka mu Lusaka kufika ku Livingstone ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 480. Ndinagona komweko, m'mawa n'kukwela takisi yophatikizana kupita ku Kazungula. Kale anthu anali kuoloka Zambezi pa pantuni, koma kuyambila mu May 2021 pali ulalo wa mamita 923. Ulalowu ndi wokhota, cifukwa pamalopo maiko anai, Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia, amayandikana kwambili, ndipo omanga anaukhotetsa kuti usaponde dziko la eni. Zimenezi ndinali nditaphunzitsa ana kangapo. Cimene sindinadziwe n'cakuti polowa mu Botswana amakupondetsa pa mankhwala ophela tizilombo ndi kukufunsa ngati wanyamula nyama yaiwisi, poteteza ng'ombe zao ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ndinaponda uku ndikuseka. Sindinaone kuti boda inali kundiuza kale kuti kuno malamulo amatsatila nyama, osati nzelu za munthu wa m'tauni.

Kasane ndi tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Chobe. Cinthu coyamba cimene ndinaona cinali njili zitatu zitagwada pa kapinga pafupi ndi masitolo, anthu akudutsa osazicheukila ngati ndi agalu a aneba. Ndinapeza malo ochipa ogona mu tenti, kunja pang'ono kwa tauni. Mlonda wa pageti anali mdala wa imvi, wolankhula motsitsa. Anandipatsa moni wa Cisetswana, "Dumela, Rra," nalemba dzina langa m'buku. Kenako anandiuza mau amene ndikuwakumbukila mpaka lelo. Anati paki ya Chobe ilibe mpanda. Anati m'miyezi ya cilimwe madzi a m'thengo amauma, ndipo njovu zimatsika kucoka m'nkhalango kupita kumtsinje, kudutsa mseu wa tala womwewo umene ndinabwelela. "Dzuwa likalowa, musayende pansi. Kwelani takisi, ngakhale pafupi."

Ndinagwedeza mutu mmene ana anga amagwedezela ndikawauza kuti ayambe kuwelenga mayeso akali patali.

M'mawa mwake tinalowa m'paki pa motoka yotseguka m'mbali. Gaidi, mnyamata wamng'ono kwa ine, anatipatsa malamulo asanalize injini: osaimilila, osatulutsa dzanja, osakuwa, osatsika pokhapokha iye atanena. Anafotokoza kuti nyama zimaona motoka ndi anthu ake ngati cinthu cimodzi cacikulu cimene zinazolowela, koma ukaimilila kapena kutsika, wasanduka munthu. Anatiuza kuti njovu siona bwino patali, koma mphuno ndi makutu ake n'zakuthwa. Kuti yoopsa kwambili si yamphongo ya minyanga italiitali koma yaikazi yokhala ndi mwana. Ndiponso kuti ikatambasula makutu ndi kugwedeza mutu ndiye kuti ikucenjeza, koma ikapinda makutu kumbuyo, kuweletsa mutu ndi kukulunga citamba, yatsimikiza. "Ndipo palibe munthu angaipose liwilo," anatelo. "Kuthawa ndi kuiuza kuti ikuthamangitse."

Masana tinakwela boti. Tinazungulila cisumbu ca Sedudu, cimene Botswana ndi Namibia anakanganilana mpaka khoti ya maiko onse ku The Hague inagamula mu 1999 kuti n'ca Botswana. Ndinaona ng'ona zitayasama pa mcenga, ndi mvuu zikutulutsa makutu okha. Woyendetsa boti anati mvuu imadya udzu pamtunda usiku, ndipo tsoka lili kwa amene aima pakati pa iyo ndi madzi. Ndinaona nkhwazi, ija ya pa mbendela yathu, ikulila itapindila mutu kumbuyo. Kenako gulu la njovu linalowa m'madzi kuoloka, tiana tili pakati, zitamba zili m'mwamba ngati mapaipi. Ndinalila misozi, ndipo sindinacite manyazi.

Tsiku lonselo ndinamvela malamulo bwino lomwe. Koma m'mutu mwanga ngozi inali ndi geti. Ndinaganiza kuti imayambila pamene walipila ndi kuthela pamene watuluka, monga mmene mphamvu za ahedi zimathela pa geti ya sukulu.

Madzulo a tsiku lotsiliza ndinapita m'tauni kukagulila amai kansalu ndi kugula cakudya. Potuluka m'sitolo inali ca m'ma 18 koloko, dzuwa lafiila kutsidya kwa mtsinje. Wa takisi anandiuza mtengo wa mapula. Ndinauchaya m'makwacha mumtima, ndipo mwana wa ku Chawama anadzuka mwa ine: ameneyu waona kuti ndine mlendo, afuna kundidyela. Ndinatsitsa, iye anakana. Ndinati ndiyenda pansi. Anandiyang'ana nati, "Rra, si nthawi yabwino iyi." Ine ndinamva ngati mau a ng'wang'wazi wofuna kudzaza basi. Makilomita atatu ndi ciani kwa munthu amene anali kuyenda kucoka ku Chawama kufika m'tauni posunga ya basi?

Mdima wa kumeneko sucedwa. Nyumba zinatha, magetsi a mumseu anatha, kunatsala tala ndi mitengo mbali zonse. Coyamba kundifika cinali fungo, longa la khola la ng'ombe koma lolemela. Kenako nthambi inathyoka kumanja kwanga. Palibe anandiuzapo kuti cinyama colemela matani angapo cimayenda mwakacetecete kuposa mphaka. Ndinangoona kuti mdima wa patsogolo panga ukusuntha. Yoyamba inadutsa mseu, yaciwili, kenako kamwana kothamangila pansi pa mimba ya make. Zinali pa mtunda wonga kucoka pa bolodi kufika kumapeto kwa makilasi awili. Make anaima pakati pa tala, natembenukila kwa ine. Anatambasula makutu, nakweza citamba kununkhiza mphepo.

Thupi langa lonse linati thawa. Ndi nzelu imene inandipulumutsa kwa akawalala pa njanji ndili mnyamata, ndipo miyendo inali itayamba kale kumvela. Dzanja nalo linapita ku thumba kuti ndiyatse tochi ya pa foni. Cimene cinandigwila si kulimba mtima. Anali mau a mnyamata uja wa m'mawa, amene ndinamuona ngati wongoloweza zouza azungu. Ndinaima. Ndinayamba kubwelela cam'mbuyo, phazi limodzi, kenako lina, pulasitiki ya m'manja ndikuigwila kuti isalile.

M'kanthawi kameneko maganizo anandibwelela oyela ngati masamu a pa bolodi. Pasipoti ndinaisiya mu tenti. M'thumba munalibe kalikonse kolembedwa dzina langa. Simu yanga ya ku Zambia inali itafa ciolokele ulalo, ndipo sindinagule ya kumeneko posunga ndalama. Nambala ya apolisi kapena ya ambulansi ya dzikolo sindinali kuidziwa. Inshuwalansi ya paulendo sindinagule. Ndipo amai anali ku Chawama, akupemphelela mwana wao amene ali pa wekishopu ku Livingstone. Cikanacitika cinthu, akanayamba kundifuna m'dziko lolakwika.

Kumbuyo kwanga kunamveka injini. Motoka inaima capatali, nizimitsa magetsi akulu. Mau a mzimai anabwela motsitsa, osakuwa: "Rra, bwelani pang'onopang'ono. Musatembenuke. Citseko n'cotsegula." Sindidziwa kuti mapazi amenewo anali angati. Nditakhala pa mpando, mawondo anayamba kugundana okha. Njovu ija inagwedeza mutu kamodzi, fumbi n'kucoka m'makutu, kenako inatsatila mwana wake. Ndinaganiza kuti tinyamuka, koma mai uja sanagwile giya. Anati zikalipo zina. Tinakhala cete mphindi zambili, ndipo zinadutsadi zina zisanu ndi imodzi, yotsiliza ili yaikulu kuposa zonse.

Anali mai wa msinkhu wa alongo anga aakulu, akucokela ku nchito. Sanandikalipile. Anangoti njila imeneyo njovu zinali kuyendamo tala isanabwele, ndipo mwana aliyense wa kumeneko amaidziwa. Kenako anafunsa kumene ndacokela ndi nchito imene ndimagwila. Ndinati ndine mphunzitsi wa jogilafe. Anakhala cete pang'ono, kenako anaseka mpaka kugwila ciongolelo ndi manja onse. Nanenso ndinaseka, misozi ili m'maso. Ndinatulutsa ndalama kuti ndimupatse, yoposa ija ndinakaniza wa takisi. Anakana.

Pageti ndinapeza mdala uja ataimilila ndi tochi, buku lili m'manja. Anali ataona kuti tenti yanga ili mumdima ndipo dzina langa silinabwelele. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangolemba nthawi pafupi ndi dzina langa, nati, "Mugone bwino, Rra." Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinacita kuposa pamenepo: ndinauzidwa ndisanafunse, katatu konse, ndi anthu atatu osiyana, koma phulalo ndinalitafunabe.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinali kumva mvuu zikulila kumtsinje, ndikuganiza za cimene cinandipusitsa. Sikunali kusadziwa, pakuti zonse ndinauzidwa. Cinali cizolowezi ca mu komboni coganiza kuti aliyense wokucenjeza ali ndi cimene akufuna kwa iwe. Mu Lusaka cizolowezi cimeneci cimasunga cikwama. Koma kwa eni, amene amadziwa kumene ngozi imadutsa ndi nthawi yake ndi anthu omwewo amene tinazolowela kuwadelela: mlonda, wa takisi, woyendetsa boti. Digili yanga inadziwa kutalika kwa ulalo ndi caka ca mlandu wa Sedudu. Sinadziwe kuti 18 koloko ndi nthawi ya njovu.

M'mawa ndinapempha foni kwa mdala uja ndi kuimbila amai. Ndinawauza kumene ndinali. Anakhala cete nthawi yaitali, kenako anati, "Ukanafela kumeneko, ine ndikanakalila maliro a ndani ku Livingstone?" Za malata sanachule n'komwe. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Sindikulemba izi kuti ndikuopseni. Pitani mukaone. Kazungula si kutali monga mmene timaganizila, Mzambia safunika viza polowa mu Botswana, ndipo njovu zoyenda m'madzi dzuwa likulowa si za azungu okha. Ine ndidzapitanso. Koma tsopano m'cikwama canga mumakhala kapepala kolembedwa ndi bolopeni: dzina langa, nambala ya amai, dzina la malo amene ndikugona, ndi manambala a ngozi a dziko limene ndili, monga 999 ya apolisi ndi 997 ya ambulansi ku Botswana. Fotokope ya pasipoti imayenda nane. Simu ya kumeneko ndimagula ndisanagule fanta. Ndalama ya takisi ya madzulo ndimaipatula ndikali kunyumba, kuti mwana wa ku Chawama asadzayambe kuchaya masamu pamseu. Ndipo kunyumba amadziwa dziko limene ndili.

Temu itatsegulidwa, mtsikana uja sanaiwale. Ndisanalembe n'komwe deti pa bolodi, anakweza dzanja. "Ba Ticha, manje munaiona?"

Ndinaika choko pansi. Ndinati ndinaiona, ndipo nayonso inandiona. Kenako ndinawauza nkhani yonse, kuyambila pa mdala wa pageti, osasiyako mbali imene mphunzitsi wao anagwedeza mutu osamva.