Mnzako Akagwa, Usamusiye

Chamama, Kasungu

Mwana wanga wokondedwa,

Pamaso pa amayi ako sindikanatha kuzinena izi, n'chifukwa chake ndalemba. Ukawerenge ukafika ku MAFCO, kusukulu ya asilikali ku Salima. Za ulemu, mowa ndi ndalama amalume ako anamaliza kale. Yanga ndi nkhani ya moyo wako, ndi nthawi imene munthu angautaye chifukwa cha mnzake.

Kumeneko ukamva dzina la Chancy Chitete. Anali Private chabe, m'gulu la Amalawi osungitsa mtendere pansi pa United Nations kum'mawa kwa Congo. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni, iwo ndi anzawo a ku Tanzania anakumana ndi zigawenga za ADF. Moto utakula, Amalawi anapitiriza kuwombera kuti anzawowo apeze mpata wobwerera. Nthawi yoti nayenso achoke itakwana, Chitete anaona Corporal Ali Khamis Omary ali thapsa pambalambanda, atavulala. Anamutsata, n'kumukokera pobisika, ndipo chipolopolo chinamupeza akumupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka. Pa nkhondoyo Malawi inataya asilikali 6, Tanzania mmodzi. Mu Meyi 2019, ku New York, António Guterres anapereka ku banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ochuluka ku Rwanda mu 1994 nafera komweko.

Omary sanali mbale wake, ngakhale Mmalawi. Akuluakulu ponena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, sanati uyambe wafunsa mfunda wake. Wovulala amene ali pafupi nawe ndiye m'bale wako tsiku limenelo.

Koma undimvetse bwino. Chitete sanapite kukafa. Anapita kuti abwerere awiri, ndipo ankadziwa chochita akamufikira mnzakeyo. Kumeneku ndiye kulimba mtima. Kudziponya pamoto kuti anthu akutame ndi uchitsiru, ndipo kumaphetsa ena amene adzabwere kudzakutola. Iwe wakulira mu fodya. Chigafa chikayaka, wolowamo kuti apulumutse mabelo timamugwira mkono, pakuti ndalama za kumsika wa Chinkhoma zimapita, chaka chamawa n'kufesanso nazale. Koma mukakhala mwana, palibe amene amawerenga mtengo. Uziyamba wafunsa kuti m'motomo muli munthu kapena katundu. Mfuti, galimoto kapena mbiri yako sizilingana ndi magazi ako.

Kumbukiranso kuti moyowo si wako wekha. Chitete anasiya mkazi, ndipo mendulo silima munda kapena kulipira fizi. Amene amadzipereka amapereka ndi misozi ya abale ake, osawapempha. Ine ndi amayi ako takambirana usiku wathawu. Ukadzagwa ukukoka mnzako, tidzalira koma sitidzakuimba mlandu. Ukadzagwa chifukwa cha matama kapena kuledzera, chilondacho sichidzapola. Ndipo ukadzamusiya mnzako ali moyo pamene ukanatha kumuthandiza, udzabwera kuno wamphumphu, koma tulo sudzatiwona.

Nsembe yotere ndi mphatso, si ngongole. Palibe angakulamule kuti ufere wina, iwenso usadzanyoze amene miyendo inamuuma ndi mantha. Sitidziwa mitima yathu mpaka tsikulo litafika.

Choncho ukaphunzire ndi mtima wonse kumanga bala, kuletsa magazi ndi kunyamula wovulala, monga mmene ukaphunzirire kuwombera. Nyanja ili pafupi, ukaphunzirenso kusambira, poti kuno wadziwa madambo okha, ndipo madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu 2023 amafuna asilikali osawopa mtsinje. Luso ndi limene limachititsa kuti opulumutsa ndi opulumutsidwa afike onse kumudzi.

Uziwaimbira foni amayi ako Lamlungu lililonse. Alongo ako akupereka moni. Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako.